Maola Atatu Pampando Wathabwa

Lolemba, 6 Meyi

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Kope ili ndi lija ndimalembamo miyeso ya makasitomala, koma masamba akumbuyo anali opanda kanthu, ndiye ndati ndizilembamo zanga. Ndikulemba chilili, kope lili pakakabati ka pambali pa bedi, chifukwa matenda andibweretsa kunowa ndi oti sindikhala pansi.

Zaka zitatu tsopano. Ndikangoika matako pampando, pakati pa miyendo pamayaka ngati ndakhalira mbaula, makamaka kumanzere. Ndikaimirira zimachepa, ndikagona zimatsala pang'ono kutheratu. Malo okhawo amene ndimakhala mwamtendere ndi pachimbudzi chokhalira chija, poti pakati ndi poboola. Tangoganizani, telala wa zaka makumi awiri ndi zinayi pamashini, mpando wake wotsala ndi umenewo.

Zipatala ndazungulira mpaka nsapato kutha. Ena ankati chikhodzodzo, ena chiberekero, wina anandiyang'ana m'maso n'kufunsa ngati kunyumba kuli mtendere. Adokotala a pano akukayikira mtsempha, osati wamagazi ayi, koma wonyamula ululu, umene umadutsa mkati mwa chiuno kutsikira kumusi. Akuti Lachitatu andibaya jekeseni wa mankhwala ochititsa dzanzi pafupi ndi mtsemphawo. Ululu ukatsika ndi theka kapena kuposa, ndiye kuti wakuba wagwidwa, ayamba kumuchiza. Ukapanda kutsika, si iyeyo. Amayesa kawiri basi, kenako munthu amabwerera kwawo ndi mapiritsi.

Ife ochokera kutali amatisunga kuno mpaka zonse zithe. Wondidikirira ndi akulu anga, amene anandilera amayi atamwalira. Afika ndi mabulangete atatu ngati tikusamuka. Kushopu ndasiya mng'ono wanga. Ine masiku ano ndimangodula nsalu choimirira, iye ndiye amapalasa mashini yanga.

Lachiwiri, 7 Meyi

Magazi, mkodzo, kuthamanga kwa magazi. Zonse zili bwino. Nthawi zonse zimakhala bwino, ndiye chimandipsetsa mtima n'chimenecho.

Moyang'anana nane muli mayi wothyoka mwendo. Alendo ake akafika amazungulira chikhakha chake, kuchigogoda, kupukusa mitu, wina mpaka misozi. Abale inu, ndasirira mwendo wothyoka lero. Matenda ooneka ndi abwino, umangoloza. Ine amayi a kutchalitchi atabwera masana n'kufunsa kuti kukuwawa pati, ndinati msana. Ndikanati chiyani pamaso pa anthu asanu ndi awiri, wina atagwira kale buku la nyimbo?

Pabedi la pazenera pali mnzanga wa matenda omwewa. Amagwira ntchito pakauntala kubanki, ndiye wodi yonse timangoti Abanki. Ndi wamng'ono kwa ine ndi zaka khumi mwina, khungu losalala, zovala zogonera zogula kusitolo. Msoko wake wa m'khwapa ndi wokhota, ndaona. Nayenso amubaya mawa.

Koma mwamuna wake! Wafika 7 koloko m'mawa ndi fulasiki, malalanje osenda kale, ndi khushoni yoboola pakati imene amamunyamulira ngati mwana wakhanda. Akuti watenga tchuthi kuntchito cha masabata awiri. Amadziwa dzina la mtsemphawo, amalitchula bwinobwino pamaso pa anthu osachita manyazi. Bambo a kunyumba kwanga aimba foni madzulo kufunsa ngati malaya awo oyera ndinawasita ndisananyamuke.

Lachitatu, 8 Meyi

Andibaya 9 koloko ndi mphindi makumi awiri.

Ndilembe bwino. Anandigoneka chafufumimba pabedi lopapatiza. Anapukuta thako lamanzere ndi mankhwala ozizira abulauni, n'kupaka mafuta oterera, n'kumayendetsa kachipangizo kounikira m'thupi uku adokotala akuyang'ana pakanema. Kajekeseni kakang'ono kaye kochititsa dzanzi pakhungu. Kenako singano yeniyeniyo, yaitali kuposa chala changa chapakati. Ine ndimagwira singano tsiku lililonse koma iyi ndinatseka maso. Sinawawe kwambiri, inkangokankha, mpaka pamene china chake chinathamanga ngati magetsi kutsikira komwe kumandiwawa kuja. Ndinakuwa. Adokotala anati eya, tafika. Mphindi khumi ndi zisanu zonse zatha.

Ankayankhula zambiri ine nkhope ili mupilo. Ndinamva zoti ndizilemba nambala papepala theka la ola lililonse, 0 ngati palibe ululu, 10 ngati ukufika pofuna kufa. Anatchulanso za mpando. Anamwino ena aafupi anabwerezanso za mpandowo potibweza kuwodi, anaukoka n'kuuika pafupi ndi bedi langa, wathabwa wopanda khushoni.

Akulu anga atauona anaukankhira kukhoma. Anati munthu wobayidwa jekeseni amagona, amafunda, mankhwala ayende bwino m'thupi, ndipo kwathu palibe anadzukapo ndi singano yotero m'thako n'kukakhala pathabwa. Mwendo unali wadzanzi pang'ono, ndiye anati waona, ukufuna ugwe? Anandifunditsa mabulangete awiri n'kukhala pampandopo iwowo ngati mlonda.

Ndalemba 1, 1, 1, 1, 2, 1, 2. Ndakondwa kwabasi. Ndagona tulo tamasana tokoma.

Abanki anabayidwa pambuyo panga. Ndinkamuonera m'bulangete atakhala pampando wake, mwamuna wake pambali ndi wotchi ndi cholembera. Anadya mpunga ndi nkhuku atakhala, mbale pamiyendo. Ndinati m'mtima, onetsani, tonse tachira.

Lachinayi, 9 Meyi

Sindikufuna kulemba koma ndilemba.

Adokotala anayambira kwa Abanki. Anawerenga pepala lake n'kumwetulira. Kuchoka pa 8 kufika pa 2, atakhala maola atatu athunthu. Anati izi ndiye zomveka, mawa amubaya wachiwiri wokhala ndi mankhwala ochepetsa kutupa, amene amatha kugwira milungu kapena miyezi. Mwamuna wake anawagwira dzanja adokotala ndi manja awiri.

Atafika pa ine ndinapereka pepala langa monyadira, poti manambala anga anali otsika kuposa ake.

"Munakhala pampando nthawi yaitali bwanji, mayi?"

Ndinayang'ana akulu anga. Akulu anga anayang'ana kudenga.

"Nanga masiku onse, mukagona, ululu umakhala pa nambala yanji?"

Ndinati 1, mwina 2.

"Ndiye pepala ili silikutiuza kanthu. Mankhwala aja amagwira maola atatu kapena anayi okha. Maola amenewo munayenera kuchita chimene chimakupwetekani, kuti tione ngati chikupwetekabe."

Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangolemba mufayilo n'kunena kuti tidikire mpaka Lachiwiri, ndipo kumeneko ndi komaliza.

Maola anayi, abale. Maola anayi oyamba m'zaka zitatu amene mwina ndikanakhala ngati munthu, ine ndinawathera m'bulangete ndikuliza mkonono. Ndinawalalatira akulu anga mpaka mayi wa chikhakha anakoka katani yake. Iwo anangoti, ndimakufunira zabwino, n'kutuluka ndi mbale kukatsuka zotsuka kale. Koma kope ili ndi langa, ndinene zoona. Anamwino ndinawamva bwinobwino. Akulu atakankha mpando uja mtima wanga unati phee, chifukwa ndimauopa mpando kuposa singano.

Lachisanu, 10 Meyi

Abanki wabayidwa wachiwiri. Wabwerako akuseka. Apongozi ake, azilamu ake ndi anzake a kubanki adzaza pazenera ponse ndi maluwa, timadziti ta m'mabotolo ndi keke. Anatigawira tonse. Yanga ndawapatsa akulu anga, ndinati shuga amandiwawitsa mutu. Bodza.

Ndili ndi nsanje, ndipo sindikubisa. Nsanje ya mwamuna wake, ya pepala lake, ya mmene amakokera mpando osauyang'ana kaye. Akaseka ndimamva ngati akundiseka ine, chonsecho mwana wa eni sanandilakwire kalikonse. M'mawa uliwonse amandipatsa moni woyamba, "Mwadzuka bwanji Atelala," ine n'kumayankha ngati ndikumeza mapiritsi.

Ngati izi sizinakwane, mng'ono wanga waimba. Wazungulira kaye, za nyengo, za ana, za mayunifolomu a sukulu makumi atatu amene wamaliza yekha. Kenako wafika pamfundo. Akuti poti ine sindikhalanso pamashini, bwanji aitengere kunyumba kwake azisokera konko, kusiyana n'kumayenda mtunda wonse uja tsiku ndi tsiku. Akuti makasitomala ambiri tsopano amafunsa iyeyo. Mawu amenewo anawanena mofatsa kwambiri, ndipo ndi oona.

Mashini imeneyo chopondera chake chinadyeka mbali imodzi ndi phazi langa. Ikatuluka pakhomo paja sidzabweranso, ndipo ine ndidzakhala mayi wodula nsalu za mng'ono wake. Ndamuuza kuti adikire Lachiwiri. Wati chabwino, koma mlamu wapeza kale galimoto yoti anyamulire Loweruka la sabata yamawa.

Loweruka, 11 Meyi

Mapiritsi a m'mawa ndi madzulo monga kale, aja ondizunguza mutu. Ndayenda m'khonde kasanu. Ululu 3 poyenda. Ndinayesa kukhala m'mphepete mwa bedi kuti ndidziyese, mphindi zinayi zokha wafika 8.

Ndaona kanthu. Abanki wavala siketi ya nsalu yopyapyala lero, yotuwa, ija imakwinyika ukangoiyang'ana. Wakhala ndi mwamuna wake ola lonse akumwa tiyi. Ataimirira kukamuperekeza, ndinayang'ana kumbuyo kwake, poti telala maso ake amathamangira kumeneko. Munthu akakhala bwinobwino siketi imakwinyika mopingasa, mbali zonse mofanana. Yake makwinya onse anali kumanja, opendekera, kumanzere kuli kosalala ngati yangochoka pansimbi.

Ndikuwadziwa makwinya amenewo. Masiketi anga onse anali otero chaka choyamba, pamene ndinkakhalira thako limodzi kuti makasitomala asadziwe.

Mwamunayo atangopotoloka pakhomo, iye anagwira chitsulo cha bedi n'kutseka maso. Sanakhalenso tsiku lonse.

Lamlungu, 12 Meyi

Abanki ndinamupeza masana kuseri, kumene timayanika zovala. Tinali awiri okha, tonse chilili monga mwa mtundu wathu. Sindinafune kuzungulira. Ndinamuuza kuti siketi yake yadzulo inandiuza nkhani.

Anayamba waseka, kenako kuseka kuja kunasanduka kwina. Anati jekeseni woyamba uja sanagwire. Dzanzi linabwera m'thako ndi m'ntchafu, koma moto uja unali pomwepo, 7, mwina 8, maola atatu onse. Mpunga uja ankaumeza mokakamiza.

Ndinafunsa kuti nanga ma 2 aja anachokera kuti.

"Cholembera anagwira ndi iwowo," anatero. "Theka la ola likakwana amandiyang'ana n'kunena kuti, zachepa eti, tilembe 2? Nkhope ili ngwee. Munthu wagulitsa njinga yake yamoto, wauza abale ake onse kuti ulendo uno ndikuchira. Zaka ziwiri sitigona ngati banja, Atelala, ndipo sanadandaulepo ngakhale tsiku limodzi. Ndikanayamba bwanji kunena kuti 8?"

Ndiye wachiwiri uja amubaya pamtsempha umene mwina ulibe mlandu, ndipo Lachitatu akumutulutsa ngati wochira.

Ndinamugwira paphewa, ndinanena zoyenera kunena. Ndinamuuza kuti awauze adokotala, chifukwa akapita kwawo ndi pepala labodza palibe adzafufuzenso kwina. Zonsezo ndinanena ndi mtima woona. Koma pansi pa mtima womwewo panali kanthu kena kakuvina. Ndinakondwa. Mulungu andikhululukire, ndinakondwa kuti si ine ndekha, kuti keke ija inali ya chabe. Ndabwerera kuwodi ndikudziona wonyansa, ndipo chakudya chamadzulo chandikanika.

Lolemba, 13 Meyi

Wanena. Anadikira adokotala afike pabedi pake, mwamuna wake ali pomwepo, n'kunena zonse maso ali pansi. Adokotala anati ndi bwino kuti wanena, ayambiranso kufufuza, mwina ndi minofu ya m'chiuno, mwina mtsempha wina, koma zitenga nthawi. Anawonjeza kuti kuyambira lero pepala azilemba wodwala yekha.

Mwamunayo sanakalipe. Anangofunsa kuti, ndiye masiku onsewa umandinamiza? Anaika khushoni ija pabedi bwinobwino n'kutuluka. Masana sanabwere.

Ine ndakambirana ndi akulu anga. Chibadwire sindinawalamulepo, ngakhale paukwati wanga diresi anasankha ndi iwo, ine telala. Ndinawauza kuti mawa ndikabwerako kobayidwa, iwo akakhale panja pabenchi mpaka 1 koloko. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati ndiye ukagwa akutola ndani? Ndinati anamwino, ndi ntchito yawo. Anati wakula eti. Ndinati ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, akulu. Apinda mabulangete awiri aja n'kuwabweza m'chikwama.

Ndikuopa. Ngati ndikhala n'kupeza moto uli pomwepo, ndiye kuti basi.

Lachiwiri, 14 Meyi

9:10. Andibaya. Zonse monga poyamba, magetsi aja anathamanganso. Ulendo uno ndinatembenuza mutu kuti ndimve chilichonse. Theka la ola ndigone, anamwino aone ngati mwendo uli ndi mphamvu, kenako pampando.

9:45. Anamwino aafupi akoka mpando wathabwa uja. Ndinaima patsogolo pake ngati mwana woopa madzi ozizira. Anati, mayi, mankhwala sakudikirani. Ndakhala, matako onse awiri.

10:15. Nambala 2. Ndikudikira kuti moto uyambe. Nthawi zonse umayamba mphindi zisanu zisanathe.

10:45. Nambala 1. Ndikulemba izi nditakhala, kope lili pamiyendo. Zilembo zanga zasintha, zaongoka. Ndayesa kutsamira kumbuyo, ndayesa kuwerama ngati ndikulowetsa ulusi pasingano ya mashini, ndapondaponda pansi ndi phazi lamanja ngati ndikupalasa. Palibe. Kuli dzanzi lokhalokha, ngati mbali imeneyo ndi ya munthu wina. Ndalira pang'ono, mayi wa chikhakha wandiponyera kathaulo.

11:15. Nambala 1. Akulu anga akusuzumira pagalasi la chitseko. Ndawakwezera dzanja, iwo agwira pakamwa. Sanalowe.

11:45. Nambala 2. Adokotala anadutsa, anayang'ana pepala, anandiyang'ana mmene ndakhalira. Anati tisathamange, ululu ubwerera masana ano ndipo ndisadabwe, uku sikuchira ayi. Koma ngati zipitirira chonchi mpaka ola lachitatu, ndiye kuti mtsempha taupeza, ndipo pali zochita: jekeseni wokhalitsa, mafizo olimbitsa thupi, mwina kubwerezabwereza. Ena amabwerera pantchito yawo, ena amakhala ola limodzi kapena awiri patsiku. Ndinati ola limodzi ndi lokwanira kusoka makolala awiri ndi zipi. Anaseka.

Ndamuimbira mng'ono wanga. Ndamuuza kuti awauze alamu galimoto ija aibweze, mashini isasunthe. Anafunsa ngati ndachira. Ndinati ayi, koma ndikukuimbira nditakhala pansi. Anati chabwino akulu. Sindikudziwa ngati anakondwa.

12:15. Nambala 2.

Abanki ali pazenera chiimire kuyambira m'mawa. Mwamuna wake sanabwerebe, fulasiki yadzulo ili pomwe anaisiya. Poyamba ankayang'ana panja. Tsopano akuyang'ana ine, osati kumaso, koma apa pamene thupi langa lakumana ndi thabwa. Ndikuwadziwa mayang'anidwe amenewo, ndakhala nawo sabata yathunthu. Sindinkadziwa kuti amaoneka chonchi ukakhala mbali inayi.

Anayandikira pang'onopang'ono atagwira zitsulo za mabedi.

"Sizikuwawa ngakhale pang'ono?"

Ndinafuna kunama, kunena kuti 5 kuti mtima wake upepuke. Koma ndi ine ndinamuuza za pepala labodza.

"Sizikuwawa."

Anagwedeza mutu. "Ndikukuchitirani nsanje, Atelala. Mundikhululukire, koma ndikulakalaka mutadzuka pamenepo."

Ndinamuuza kuti ndikudziwa, ndipo palibe choti ndimukhululukire. Ndinamuuzanso za keke yake ija, kuti sindinadye, ndi chifukwa chake. Anaseka pang'ono, misozi ili m'maso, koma sanachoke, ndipo maso ake anabwereranso pampando.

Mwendo wanga unafuna kudzuka wokha. Munthu wolira ataima patsogolo pako, iwe uli tambalale, si mmene anatilerera. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma. Kwatsala theka la ola kuti maola atatu akwane.

Ndinamugwira dzanja, iye chilili, ine chikhalire. Sindinadzuke.

12:45. Nambala 3.